Sutikesi ya ku Koleji ndi Kalongonda wa pa Michesi

Khalani pansi, ana inu. Iwe Tadala, siya kaye chikwamacho, sichithawa. Kuyambira m'mawa ukulongedza, ukupasula, ukulongedzanso, ngati kumsasa wa achinyamata a mpingo ukupitako ndi ku Joni. Ndaona waikamo tochi, chotchajira foni, mabuku a nyimbo awiri ndi nsapato zoyera. Amayi ako andinong'oneza kuti masiku ano sukudya bwino, ati ukuopa kuti tsiku la ubatizo wako lifika iwe usanakonzeke. Ndiye wabwera kwa katswiri. M'boma lonse la Phalombe mulibe munthu amene anakonzekera kukumana ndi Mulungu kuposa ine agogo ako. Ndinakonzeka mpaka ndinatsala pang'ono kumuphonya.

Mukudziwa nonse kuti ine ndine munthu wa ku koleji. Amene akuseka kumbuyoko atuluke. Ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, ndinakhalako chaka ndi kanthu, kenako koleji ndi ine tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Iwo anatsala ndi satifiketi, ine ndinatsala ndi sutikesi. Sutikesi yake yachitsulo, yobiriwira, loko wake ngati wa pagolosale, dzina langa litalembedwa pamwamba ndi penti yoyera. Inu simuzidziwa zimenezo. Zanuzi zili ndi mateyala, mumazikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Yathu inkakwera pamutu, ndipo ukatsika nayo basi mudzi wonse unkadziwa kuti kwabwera munthu wophunzira, ngakhale m'katimo muli bulangete ndi sopo basi.

Nditakwatira agogo anu aakazi kuno kwa Mkhumba, ndinabwera monga mkamwini aliyense amabwerera, kupatula kuti ine ndinali ndi sutikesi pamutu. Ndinayamba ntchito yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango umene unali pafupi ndi tchalitchi. Lamulungu lililonse ndinkawaperekeza agogo anu mpaka pakhomo, iwo n'kulowa, ine n'kukhala panja pabenchi yanga. Ulaliki ndinkaumva wonse kudzera pawindo, ndipo ndinkaupatsa malikisi. Mulungu ndinalibe naye mlandu. Tinkalemekezana ngati anthu oyandikana minda: moni, moni, aliyense kwake. Agogo anga aakazi, amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana, ankamutchula kuti Muluku, ndipo ankati Muluku ndi wamkulu kwambiri, si womuvutitsa ndi tinkhani ting'onoting'ono. Mawu amenewo ndinawasunga bwino. Ndinakhala munthu wosavutitsa Mulungu mpaka imvi zinamera.

Ena amati ndinalowa m'tchalitchi chifukwa cha ulaliki wamphamvu. Bodza. Mpingo unakula, akuluakulu anaganiza zokulitsa nyumba, anadula mango uja, khoma latsopano n'kudutsa kumbuyo kwa benchi yanga. Ine sindinasunthe. Tchalitchi ndi chimene chinabwera kudzandipeza. Ndiye Lamulungu lina ndili m'katimo, pamalo anga akale omwewo, ndinaona nkhope ya agogo anu akupemphera. Zaka zonsezo ndinkangomva mawu awo pawindo, nkhope ndinali ndisanaione. Ankalankhula ngati munthu amene akucheza ndi mnzake wakale, womudziwa bwino, mpaka kumwetulira pang'ono. Ana inu, ndinachita nsanje. Mkazi wanga yemwe, kukhala ndi bwenzi lotere m'nyumba mwanga ine osalidziwa! Sabata yomweyo ndinakalembetsa kalasi.

Kalasi ndinaigwira ngati mayeso a boma. Malamulo khumi ndinkawanena kuyambira kutsogolo, n'kuwanenanso chobwerera m'mbuyo, popanda amene wandipempha. Mayina a mafumu a Israeli ndinkawatchula popopa matayala. Ubatizo utayandikira, abusa anandiitana n'kunena kuti, "Bambo, mutu wakonzeka, tauona. Tsopano musale kudya, mukwere kuphiri mukapemphere, mukaone ngati mtima ukudziwa kuti mutu ukupita kuti." Anati ndisapite ndekha, andiperekeze mkulu wa mpingo. Mkulu wakeyo anali alamu anga a Dayisoni, achimwene awo a agogo anu, munthu wathupi lodzaza, amene kuyambira tsiku la chinkhoswe sananditchulepo dzina lina koma "a Pulofesa."

Ndinatulutsa sutikesi kunsi kwa bedi. Munthu sapita kwa Mwini dziko ngati akupita kudimba. Ndinaikamo Baibulo, buku la nyimbo, dikishonale ya ku koleji poopa kuti mwina mawu ena angabwere ovuta, ambulera, nsapato zosinthira, burashi ndi polishi wake, mphasa yaing'ono yogwadira, ndi malaya ena oyera. Jekete ndi taye ndinavala. Chakudya sindinaikemo ngakhale kanthochi, poti tinali osala.

Agogo anu anali panja akutsanula madzi a kalongonda. Inu a masiku ano mumathamangira tchipisi, kalongonda mumamudya mokakamizidwa. Nyemba imeneija ilibe chibwana. Umaiwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuiwiritsanso, kutayanso, dzuwa lonse, nkhuni n'kutha mtolo. Ukaidya mothamanga imakuzunguza mutu, ena mpaka kuwagoneka. Koma ikapsa bwino, pang'ono mchere, pang'ono tsabola, ukhoza kulima munda wonse wa nandolo osakumbuka njala. Basi, agogo anu anayang'ana sutikesi, anayang'ana taye, n'kufunsa, "Kodi bambo, Mulungu wakuitanani kapena wakulembani ntchito?"

Ndinangokonza taye. Munthu wosala salimbana ndi anthu.

Tsopano mumvetsere, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Phiri la Michesi ife tinakula tikuliopa. Osati kuliopa kwa m'nthano ayi. Tinaona ndi maso napolo atatsika, madzi ndi miyala yaikulu ngati nyumba zikukokolola midzi, ndipo panali anthu amene tinkawadziwa mayina amene sanapezeke. Ndiye phirilo linali ndi malamulo ake, ndipo mwana aliyense ankawadziwa asanadziwe kuwerenga. Lalikulu linali ili: ukapeza chakudya chokonzakonza pamwala, popanda munthu pafupi, ndi cha mizimu, yakupatsa. Idya, koma idya wekha. Usaitane mnzako. Usanyamule kupita nacho kwina. Usafunse kuti waphika ndani. Ukaswa limodzi mwa amenewa, phiri limakutsekera, kwanu adzangoona nsapato zako. Ndipo musaganize kuti ankaopa ndi akunja okha. Akulu a mpingo amene m'tchalitchi ankaimba mpaka malata kunjenjemera, akafika m'nkhalango ya Michesi ankayamba kunong'ona.

Tinanyamuka m'mawa, nyengo ya dzuwa lija lotentha nandolo atakololedwa kale. Ine sutikesi pamutu, alamu ndodo m'manja.

"A Pulofesa," anatero tisanathe n'komwe minda, "mwanyamula koleji yonse? Mukufuna mukaimalizire kumwambako?"

"Alamu, sungani mpweya. Mimba imene mwanyamula inuyo ikulemera kuposa sutikesi."

"Mimba iyi ndi ya utumiki. Ine ndinayamba kusala inu musanayambe, kuti ndikutsegulireni njira."

Anali kunena zoona, ndipo ndi pamene panali vuto. A Dayisoni anali ndi matenda a shuga. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti asamakhale ndi njala, koma iwo sanauze munthu, poopa kuti mpingo ungaganize kuti mkulu wake wafooka. Mankhwala anamwa, chakudya sanadye, phiri n'kukwera.

Dzuwa litafika pamutu tinali m'kati mwa mitengo, kumene midzi imaoneka ngati nthanga zomwazika. Alamu anasiya nthabwala. Ndinadziwa kuti zinthu zavuta, chifukwa munthu ameneuja ngakhale pamaliro ankapeza ponyozera ine. Thukuta linali kamukamu, manja njenjenje, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Ndinatula sutikesi kuti akhalepo. Anakhala, kenako anatsetsereka n'kugona pansi.

"Alamu," anatero, ndipo kanali koyamba kunditchula choncho, "ndikuona mdima. Ndili ndi shuga ine. Ndipezereni kanthu kotsekemera, apo ayi mukawauze achemwali anga kuti mbuzi yanga ija ndawasiyira, ndi yawo."

Ndinatsegula sutikesi. Dikishonale inalipo. Polishi analipo. Ana inu, m'moyo wanga sindinaonepo katundu wokonzeka bwino ngati ameneuja, ndipo munalibe kanthu n'kamodzi komwe kopulumutsa munthu. Kutsika kukaitana anthu, ndikanabwera n'kupeza maliro. Kuwanyamula, ndikanafa ndine. Ndinathamanga kulowa m'tchire, kufuna masuku kapena chipatso chilichonse, koma masuku anali gwa, osapsa.

Nditazungulira thanthwe lina, ndinaima.

Pamwala wosalala, pamthunzi, panali masamba a nthochi oyala bwino. Pamasambapo panali mbale ya kalongonda, chinangwa chophika, phava la nthochi zakupsa psuu, ndi thobwa. Munthu panalibe. Mphepo inalibe. Ngakhale mbalame zinali zii. Thobwalo linali m'chigubu cha pulasitiki, koma panthawiyo ndinangoti mizimu nayo ikutukuka.

Mawu a agogo anga ndinawamva ngati ali pakhutu: idya wekha, usaitane, usanyamule. Koma ine sindinali wofuna kudya. Wofuna kudya anali kuseri kwa thanthwe, akuzima ngati koloboyi wotha palafini. Ndikamvera phiri, alamu afa. Ndikapanda kumvera, tisowa tonse awiri, agogo anu ataya mwamuna ndi mchimwene tsiku limodzi. Ndinafufuza m'mutu, malamulo khumi kutsogolo ndi chobwerera, mafumu a Israeli onse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandithandiza.

Ndiye ndinagwada, popanda mphasa, thalauza la suti m'fumbi. Pemphero limene ndinaloweza, la mawu akuluakulu, linathawa lonse. Limene linatuluka linali ili, ndipo ndikukuuzani mmene linalili:

"Mulungu, ndine uja wa pabenchi. Sindinakuvutitsenipo chiyambire, lero ndakuvutitsani. Ine phiri ili ndikuliopa, sindinama. Koma ngati munalipanga ndinu, ndiye kuti mwala uwu ndi wanu, nthochizi ndi zanu, ndipo Dayisoni ndi wanu ngakhale ali ndi pakamwa. Ine ndiitana. Zotsalazo muone ndinu."

Ndinaimirira, ndinakonza taye, ndinadzaza chifuwa, n'kukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo:

"Alamuuu! Bwerani tidyeee!"

Phiri linayankha. Kuchokera kumatanthwe a kutsidya kunamveka, "Tidyeee... tidyeee..." Ndinadziyang'ana manja. Analipo. Ndinayang'ana mapazi. Analipo, ndipo anali m'nsapato. Pamenepo chinthu china chimene ndinachinyamula m'chifuwa kuyambira ubwana chinangoti phwa, ngati chingwe cha mtolo chikaduka. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Poti lamulo loyamba ndinali nditaswa, ndinaona kuti si bwino kusiya ntchito pakati. Ndinanyamula chigubu, nthochi ndi mbale, n'kufunsa mokweza kuti, "Waphika ndani kalongonda wokoma chonchi?" kuti onse atatu athere pamodzi.

Alamu ndinawadzutsa mutu n'kuwamwetsa thobwa. Linali la shuga wambiri, mwini wake sanaumire. Anamwa, anapuma, anamwanso. Ndinawasendera nthochi. Pang'onopang'ono maso anabwerera m'malo mwake, kunjenjemera kunaleka, ndipo dzanja linapita lokha m'mbale ya kalongonda.

"A Pulofesa," anatero, ndipo ndinadziwa kuti achira, "zimenezi mwazitenga kuti?"

"Pamwala."

Dzanja linaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Pamwala uti?"

"Pamwala wa kuseri uku. Panalibe munthu."

"Mayo ine! Ndiye kukuwa kuja mumaitana ine? Mwatipha, alamu! Mwatipha! Koleji yanu ija sanakuphunzitseni?"

"Ndinachoka tisanafike pamutu umenewo. Idyani, mwamwa kale theka la chigubu. Ngati n'kusowa, tisowe okhuta."

Tinakhala pasutikesi tonse awiri, mapewa atagundana, kudikira kuti tisowe. Alamu anatsinzina. Patapita kanthawi anafunsa, "Kodi tasowa kale?"

"Mwatsoka, ndikukuonanibe."

Ndiye ine, wa kalasi, ndinayambitsa nyimbo, mkulu wa mpingo n'kumavomera monjenjemera. Pofika ndime yachiwiri sitinalinso kunong'ona. Tinaimba m'nkhalango ya Michesi ngati tili pansi pa malata, mbale ili pakati, aliyense akutapa.

Tili m'kati moimba, tchire linagwedezeka. Alamu anandigwira mkono mpaka chizindikiro chinakhala sabata. Munatuluka amayi atatu, zikwanje m'manja, nkhata m'chiuno. Patsogolo panali mayi Esinati a kumudzi wa kuseri kwa mtsinje, otola nkhuni odziwika, amayi amene mawu awo ankamveka kumsika iwo asanafike. Anayang'ana mbale yopanda kanthu. Anayang'ana chigubu. Anayang'ana ife.

"Anzanga, taonani," anatero, "anyani a chaka chino akuvala mataye."

Kenako anatikalipira m'Chilomwe chenicheni chija inu simuchimva, ndipo ndi bwino kuti simuchimva. Kalongonda ameneuja anamuphika dzuwa lonse la dzulo lake. Alamu anayesa kufotokoza kuti tinkaganiza kuti ndi cha mizimu. Mayi Esinati anaika manja m'chiuno.

"Mizimu! Zaka zonsezi chakudya chathu chikasowa pamwala timanamizira anyani. Kani ndi amuna a midzi ino, akudya okhaokha mwakachetechete, n'kutsika atapukuta pakamwa!"

Koma atamva za shuga, ndi kuona mmene alamu analili otuwa, anafewa. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Komatu masiku ano ife sitisiya chakudya mbali ino. Timapachika mumtengo kumtsinje uko. Lero tapezako anyani enieni, ndiye tinati tibise kuno." Kenako anawonjeza kuti, "Ndipo shuga ndinathira kawiri, ndinaiwala kuti ndathira kale."

Ndikukuona, Tadala, ukufuna kunena kuti, agogo, ndiye si chozizwitsa chimenecho, inali nkhomaliro ya anthu. Inde inali nkhomaliro. Za mizimu ine sindinena kanthu, sindinakhale nayo pansi. Koma pamene ndinkatsegula pakamwa kuti ndiitane, sindinkadziwa za mayi Esinati. Ndinkadziwa za napolo ndi za nsapato zotsala. Ndinaika moyo wanga m'manja mwa Munthu amene ndinali nditangomulankhula koyamba, ndipo anaugwira. Iwe ukafuna kufufuza amene anatuma anyani kumtsinje ndi amene anaiwalitsa mayi uja kuti wathira kale shuga, ufufuze, uli ndi foni.

Mlandu unaweruzidwa pomwepo. Poti tinawadyera mphamvu, mtolo wa nkhuni wa mayi Esinati unayenera kutsika pamutu pa wina wa ife. Alamu anali odwala, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense akumbukire zimenezo. Mutu ndinali nawo umodzi, katundu awiri. Ndinayang'ana sutikesi yanga, imene inandiperekeza ku koleji, kuchokera ku koleji, ndi ku ukwati. Ndinatulutsamo Baibulo n'kuliika m'thumba la jekete, kiyi n'kupatsa mayi Esinati.

"Muzisungiramo chakudya," ndinatero. "Ili ndi loko. Anyani sangatsegule, akulu a mpingo sangatsegule."

Ana inu, mukanaona kutsika kwake! Patsogolo amayi awiri ndi mitolo yawo, kenako mayi Esinati manja ali lende ngati mkazi wa bwana, kenako alamu ndi ndodo, kumbuyo ine, jekete, taye, nkhata pamutu, mtolo wautali ngati mlatho, tonse tikuimba. Tikulowa m'mudzi anthu anasiya zimene ankachita. Amuna a pabawo anaimirira. Wina anakuwa kuti, "A koleji asenza nkhuni!" Ine ndinangokweza nyimbo. Sindinayendepo mowongoka ngati tsiku limenelo, ndipo si chifukwa cha mtolo wokha.

Agogo anu anatuluka m'khitchini. Anaona achimwene awo amoyo, anaona ine, anayang'ana pamutu pomwe panayenera kukhala sutikesi. Sanaseke, ngakhale milomo inkavutika.

"Mwakumana naye Mulungu?"

"Ndamuvutitsa," ndinatero, "ndipo sanadandaule."

Tsiku la ubatizo tinatsikira kumtsinje, mpingo wonse m'mbali, mayi Esinati ali kutsogolo ngakhale anali a mpingo wina, ati akufuna aone ngati madzi angachotse kalongonda wawo. Abusa atandigwira paphewa, madzi ali m'chiuno, anandifunsa chapansipansi, "Bambo, mwakonzeka?"

Ndinati, "Ayi, abusa. Koma ndabwera."

Anati, "Basi, ndi zomwezo," n'kundimiza. Potuluka ndinamva nthungululu mpaka Michesi anavomera, ndipo pamwamba pa onse panali mawu a alamu akukuwa kuti, "A Pulofesa amaliza sukulu!"

A Dayisoni anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akuyenda ndi maswiti m'thumba, ndipo mbuzi ija achemwali awo sanaione. Sutikesi ikadali komweko. Ana a mayi Esinati ndi anzawo amasungiramo chakudya mpaka lero, penti inafufutika koma dzina langa likuwerengeka. Dikishonale ndinamva kuti inathandiza kuyatsira moto, ndiye sitinganene kuti maphunziro anapita pachabe.

Tsopano iwe Tadala, chikwama chako nyamula, sindikuletsa. Tochi ndi yabwino. Uikemonso kanthu kodya, pali anzako ena amene sanena matenda awo. Koma usadikire tsiku limene udzamve kuti wakonzeka, chifukwa ine ndinalidikira mpaka imvi, silinabwere. Ukafika poti zonse za m'chikwama zakukanika, ugwade pomwepo, umuuze dzina lako ndi chimene ukuopa, m'mawu ako omwewa umakalipira nawo ang'ono ako. Amamva. Anamva munthu wa pabenchi.

Eya, fungo limenelo ndi kalongonda, agogo anu amuphula. Iwe wamng'ono, usatenge mbale n'kukabisala nayo kuseri kwa nkhokwe, ndakuona. Pita pamsewu, uime pomwe aliyense angakumve, ukuwe kuti kwa a Pulofesa chakudya chapsa. Pakhomo pano, chitsikireni phiri lija, palibe amene amadya yekha.